Ndinakhuthula Nkhokwe Yanga Ndili Moyo

Akazi anzanga ambiri ukwati unawathera pa mowa, ena pa mkazi wina, ena nkhondo inawalanda amuna masanasana. Wanga ndinauthetsa ndekha, ndi manja anga awiriwa, dengu ndi tsache. Zaka zonsezi anthu akandifunsa ndimangoti inali nkhondo, iwo n'kupukusa mutu n'kusiya pomwepo, chifukwa nkhondo sibwera kudzadzikanira mlandu. Koma ndakalamba tsopano, ndipo bodza limeneli layamba kundilemera kuposa zoona zake.

Amuna anga anali a tsidya, cha ku Dedza. Masiku amenewo malire anali nkhani ya azungu. Ife tinkangowoloka kamtsinje n'kupita kumaliro, kuchigayo kapena kukaona abale. Tinaonana pamsika wa ku Domwe. Ine ndinkagulitsa mbatata ya kachewere, iwo ankagulitsa malichero ndi madengu, pakuti anali mmisiri wa nsungwi. Anagula mbatata kwa ine misika itatu yotsatizana, osanena kanthu koposa moni, mpaka ndinatopa nawo.

"Kodi achimwene, kwanu kulibe minda?" ndinawafunsa.

"Iliko," anayankha, maso ali pansi. "Kulibe wophika."

Anali otero, munthu wa mawu owerengeka. Ine ndinali wa mtima wapachala, wolankhula ndisanaganize, ndipo amayi ankati Mulungu wachita bwino kundipatsa mwamuna wosalimbana nane pakamwa. Apadiri anatidalitsa kumishoni ya ku Fonte Boa, tinapita wapansi n'kubwera wapansi, ndipo iwo anadzakhala kwathu monga mkamwini.

Kwathu mkamwini tisanamuone pa khasu tinkayamba tamuona pa nkhokwe. Woluka nkhokwe yopendama ankasekedwa mpaka kuchitsime. Amuna anga anakwera kuphiri, nadula nsungwi zokhwima zokhazokha, nadzazing'amba pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba yathu. Analuka masabata awiri athunthu. Nkhokwe inatuluka yaikulu, yowongoka, yolukidwa mothina moti khoswe akanachita kugogoda kuti alowe. Anaiika pansanja ya mphanda zisanu ndi imodzi, naimangirira ndi luzi. Denga lokha linafuna amuna anayi kuti alikweze, ndipo amuna anayiwo sanachoke osawaseka.

"Akamwini, kodi muli ndi mitala yobisa? Anthu awiri, nkhokwe yonseyi?"

"Ana akubwera m'mbuyomu," iwo anatero, akumanga luzi osacheuka.

Ine ndinathawira m'nyumba ndi manyazi, koma mumtima ndinkanyada ngati ndaluka ndine.

Tsono ndiyenera kufotokoza mwambo wathu wa nkhokwe, chifukwa ana a masiku ano amasunga chimanga m'matumba pansi pa bedi ndipo sangaudziwe. Kwathu nkhokwe tinkatapa, sitinkakhuthula. Ukafuna chimanga unkatsamiritsa makwerero, n'kutukula denga mbali imodzi ndi mtengo wa mphanda, n'kulowa ndi dengu lako, n'kutapa choti udye sabata imeneyo. Ngakhale chaka cha njala, pamene ana akulira ndipo iwe ukukanda pansi ndi zikhadabo, unkasiyamo ndithu kanthu: ngala zingapo zofumbwa, makoko, zitsononkho. Chimanga chatsopano chinkathiridwa pamwamba pa zimenezo. Pansi pa nkhokwe ya mkazi pankaoneka kamodzi kokha, ndipo mwini wake sankapaona.

Mkazi akamwalira, amayi a m'mudzi ankakhuthula nkhokwe yake yonse. China chinkadyedwa pamaliro, chotsala ankagawana abale. Akatero ankasesamo, osasiyamo ngakhale njere imodzi. Amuna ankakankhira denga pansi kuti ligwe chagada, n'kudula luzi, n'kugoneka nkhokweyo cham'mbali pafupi ndi nsanja yake. Wodutsa m'njira, ngakhale mlendo, sankafunsa kanthu. Ankavula chipewa n'kutsitsa mawu, chifukwa ankadziwa kuti mayi wa pakhomopo wapita. Ndinaziona ndi maso anga ndili mtsikana, pamaliro a azakhali anga, ndipo ndine ndinatumidwa kukatenga tsache. Choncho sindinganene kuti sindinkadziwa.

Tinakolola limodzi kawiri. Ana aja obwera m'mbuyo anali asanafike, ndipo anthu anali atayamba kundiyang'ana pamimba akamandipatsa moni. Nthawi yomweyo asipayi, apolisi achikuda a boma la Apwitikizi, anali atayamba kuyenda m'midzi kutenga anyamata, ena ku ntchito ya msewu, ena ku usilikali. Amuna anga anati kuposa kutengedwa ngati mbuzi, bwino adzipitire okha ku Joni, kumigodi, akabwereko ndi njinga ndi malata. Ndinakana, ndinakalipa, ndinakhala masiku awiri osawalankhula. Iwo anangodikira kuti mkwiyo wanga uphwe, monga ankachitira nthawi zonse.

M'mawa wa tsiku lonyamuka sanandiuze mawu okoma aliwonse. Anazungulira nkhokwe, nagwedeza mphanda iliyonse kuona ngati chiswe chalowamo.

"Muzithira phulusa m'tsindemu," anatero. "Mvula ikayandikira, muuze alamu awonjezere udzu padengapa."

"Basi? Mawu anu onse ndi omwewo?"

"Ndidzabwera," anatero, nanyamula kathumba kawo.

Makalata ankadzera kumishoni, ndipo akatekisita ankabwera nawo Lamulungu. Ndinali nditaphunzirako pang'ono kwa asisitere, motero ndinkawerenga ndekha, kuseri kwa nyumba, katatu kanayi. Kalata iliyonse inali yaifupi ngati mwini wake, ndipo iliyonse inkafunsa za nkhokwe isanafunse za ine. Ine ndinkalima ndekha ndi amayi, ndipo sindinalole kuti nkhokwe ya amuna anga ichite manyazi. Chimanga, nyemba, kachewere, ndinkalima ngati ndili ndi ana khumi. Kalata yomaliza inati akonzekera zobwera, mwina masika akudzawo kapena enawo. Kenaka nkhondo, imene tinkangoimvera kutali, inakwera mapiri n'kufika kwathu, ndipo makalata analeka.

Lamulo linatipeza tikutuluka m'tchalitchi. Msipayi anaima pachulu nanena kuti shefi wa kuposito, mkulu wa boma m'dera lathu, walamula midzi yonse ya mbali yathu isamukire ku aludeyamento, mudzi watsopano wozingidwa ndi waya waminga pafupi ndi msewu. Anati masiku ndi awiri okha. Anati chimanga chonse chipite, chifukwa chotsala chidzadyetsa anyamata a m'tchire omenyana ndi boma. Anati tikangochoka, asilikali adzatentha midzi yonse, kuti pasatsale pobisala.

Bambo wina wachikulire anafunsa kuti nanga manda a makolo tiwasiyira ndani. Msipayi anati manda sadya chimanga, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Inali nyengo ya chisanu, titangomaliza kututa. Tsiku loyamba ndinathandiza amayi ndi katundu wa m'nyumba mwawo, chifukwa bambo anali atamwalira kalekale ndipo achimwene anga anali atathawira kutsidya. Tsiku lachiwiri, nkhungu isanachoke m'dambo, kamiyao ya boma, galimoto yaikulu ya katundu, inali itaima kale kumsewu, kumunsi kwa mudzi, ndipo asipayi anali kuyenda khomo ndi khomo ndi zikwapu. Amayi anapita kunkhokwe yawo, ine ndinakwera yanga.

Sindidziwa kuti ndinakwera ndi kutsika kangati. Kudzaza dengu, kulisenza pamakwerero, kukhuthulira m'thumba, kubwereranso. Matumba atatha ndinayala mphasa, mphasa zitatha ndinayala nsalu zanga. Manja anachita dzanzi ndi kuzizira, kenaka anang'ambika ndi makoko. Chimanga cha chaka chimenecho chinatha, ndinafika pa cha chaka chatha, chofiirira, chonunkha fumbi. Ndinkatsika nacho chimangacho, ndipo khoma la nkhokwe linkatalika pamwamba pa mutu wanga. M'kati munayamba kuda, denga lija lotukulidwa mbali imodzi linkandigunda m'mutu nthawi iliyonse ndikamatuluka, ndipo panja msipayi ankakuwa kuti tifulumire. Ndinapsa mtima. Ndinaika msana pansi pa denga, ndinakankha ndi mtengo wa mphanda uja ndi mphamvu zanga zonse, ndipo linatsetsereka n'kukagwa pansi. Sindinayang'ane n'komwe kuti lagwa bwanji. Ndinangosangalala kuti tsopano ndikuona.

Pansi penipeni ndinapeza ngala za mawangamawanga, zofiira ndi zoyera, zoboolaboola ndi anankafumbwe. Mbewu imeneyo amuna anga anabwera nayo kuchokera kwa amayi awo chaka chathu choyamba, ndipo tinaibzala limodzi, iwo patsogolo ndi khasu, ine pambuyo ndikuponya. Ndinakhala pansi m'nkhokwemo, ngala zili pamiyendo, ndipo ndinalira ngati mwana. Ndinawasowa amuna anga tsiku limenelo kuposa masiku onse.

Mayi wina woyandikana nafe anasuzumira ali pamakwerero, katundu ali kale pamutu.

"Anzanga, siyani zimenezo, n'za makoswe. Tonse tasiya zapansi. Tiyeni, atimenya."

"Thukuta la amuna anga?" ndinatero. "Ngakhale khoswe wa Mpwitikizi salawa."

Mayiyo anatsika napita. Ine ndinatola ngala zonse, ndinawola makoko ndi manja, kenaka ndinatenga tsache. Ndinasesa bwinobwino, ndikukolokosa ndi kamtengo m'mipata ya nsungwi, mpaka njere zomaliza ndinaziwolera mu lichero. Mutu wanga unali pa chinthu chimodzi chokha: anthu awa asapezemo kanthu.

Nditatuluka ndinaiyang'ana nkhokweyo, ili mbee, ndipo ndinaganiza za moto umene unkabwera. Masabata awiri a manja a amuna anga, apse ngati udzu? Ndinati ayi, ndipita nayo. Yopanda chimanga sinali yolemera kwambiri, ndikanaigubuduza mpaka kumsewu. Ndinatenga chikwanje, ndinadula luzi lonse, ndinaikankha, ndipo inagwa cham'mbali pafupi ndi nsanja. Ndisanaigubuduze ngakhale phazi limodzi, msipayi anafika.

"Mayi, mukupita nayo kuti? Kamiyao ija si ya nsungwi. Senzani chimanga, chinthucho chisiyeni."

Ndinamupempha, ndinamugwadira, kenaka ndinamutukwana. Anakweza chikwapu, ndipo ndinatseka pakamwa. Ndinayamba kututira chimanga kumsewu, ulendo ndi ulendo, mpaka dzuwa linapendeka.

Ndikubwerera thumba lomaliza, ndinapeza amayi ataima pabwalo langa. Mtolo wawo unali pansi, utamasuka, mapoto atabalalika. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana kuseri kwa nyumba.

"Mwanawe," anatero, "wafa ndani?"

Apo m'pamene maso anga anatseguka. Denga lili chagada. Nkhokwe ili chigonere cham'mbali, m'kati muli mbee, mizere ya tsache ikuoneka. Ndinali nditadzichitira ndekha zonse zimene tinawachitira azakhali, osaphonya ngakhale chimodzi. Nkhokwe za anzanga zonse zinali chiimire, madenga ali pamutu.

Tinayesa. Ine ndi amayi tinagwira nkhokwe kuti tiidzutsire pansanja, inatiterereka. Tinagwira denga kuti tingolitembenuza chabe, silinasunthe, chifukwa nsonga yake inali italowa m'dothi ndipo udzu unali wolemera. Amuna ochepa otsala m'mudzi anali kale kumsewu. Wezulo inalira, msipayi anabwera akuthamanga, natiuza kuti wotsala aonana ndi asilikali.

"Amayi, musadandaule," ndinatero tikutsika, ndikudzilimbitsa ndekha. "Mawa atentha zonsezi. Palibe adzaone."

"Upemphere atenthedi," anatero amayi.

Za kuwaya sindifuna kunena zambiri. Tinyumba tinali m'mizere, tothithikana, moti mnzako akatsokomola unkadzuka ndiwe. Chipata chinkatsegulidwa dzuwa litakwera n'kutsekedwa lisanalowe. Tinkalima minda yapafupi yokha, munthu wa mfuti ali pambuyo. Nkhokwe kunalibe malo ake. Chimanga changa chija ndinachivutikira chinakhala m'matumba pansi, chinalowa chinyezi, ndipo theka linaola mvula yoyamba. Ana anafa ndi chikuku ochuluka kwambiri.

Patapita miyezi, bambo wina amene asilikali ankamutenga kuti aziwanyamulira katundu akamayendera midzi yakale anandinong'oneza kuti mudzi wathu sunapse. Anatentha nyumba za m'mbali mwa msewu zokha, kukwera phiri anachita ulesi.

"Nkhokwe yanu ili chigonere pomwe paja," anatero. "Ine ndemwe nditaiona ndinavula chipewa, kenaka n'kukumbukira kuti m'mawa ndinakuonani kuchitsime."

Iye anaseka. Ndinamupempha kuti ulendo wina akaiike moto. Anati utsi ungamuphetse. Ndinapita kuposito kukapempha giya, kapepala kololeza munthu kuyenda, ndipo anandifunsa kuti kumudzi wopanda anthu ndikukakumana ndi ndani. Ndinalemba kalata ku Joni kuwauza amuna anga kumene tili, koma yankho silinabwere. Kwa apongozi anga ku Dedza kunali kufupi, ulendo wa tsiku limodzi ndi theka, koma wogwidwa akuwoloka ankatchedwa mthenga wa a m'tchire, ndipo oterowo sankabwerera. Ine amene ndinkaopa moto moyo wanga wonse, ndinkagwada m'tchalitchi kupempha moto wolusa kuti udutse pamudzi wathu. Chilimwe chilichonse mapiri ankapsa ndithu, koma mabwalo athu anali oseseka bwino, moto unkangowazungulira.

Amuna anandifunsira awiri, wina wamasiye, wina wa mfuti. Onse ndinawabweza ndi mawu oti sindingawalembe pano. Ndinali ndi amuna anga, ndipo anati adzabwera.

Amayi anamwalira dzinja lachiwiri, ndi chifuwa. Amayi a m'mudzi anabwera kudzachita mwambo, napeza kuti palibe chochita: chuma chonse cha amayi chinali thumba limodzi ndi theka pakona. Anakhuthulira chimangacho pamphasa, napinda matumba, basi. Wakufa analibe nkhokwe yoti timugwetsere, ine wamoyo yanga inali chigonere kuphiri. Chimenechi chinandipweteka kuposa manda enieniwo.

Ufulu utabwera, anthu anadula waya navina pamsewu masiku angapo. Ambiri anathamangira kumidzi yakale kukaona chimene chatsala. Ine sindinavine ndipo kuphiri sindinapite. Ndinamanga nyemba pang'ono pansalu kuti ndisafike kwa apongozi chimanjamanja, ndinasamba, ndinadzola mafuta, ndinalunjika ku Kalomwe. Pamalire panali piringupiringu, amalonda, njinga, anthu ofuna abale awo, ndipo palibe anandifunsa pepala. Ndinagona kwa mayi wina wachifundo, m'mawa n'kupitiriza.

Mudzi wa apongozi ndinaufika masana. Ndisanaone munthu aliyense ndinaona nkhokwe, yatsopano, yowongoka, mkombero wake wopindidwa kawiri monga ankapindira munthu mmodzi yekha padziko lapansi. Ali moyo, ndinatero mumtima, ali moyo ndipo ali pano. Chifukwa chimene analili pano osati kwathu, ndinakana kuchiganizira.

Pabwalo panali mayi wachitsikana akupeta mphale. Ndinati odi, iye anati lowani, nandiyalira mphasa, nandipatsa madzi atagwada. Anali waulemu, wa nkhope yabwino. Ndinafunsa ngati eni nkhokweyo alipo. Anati abambo ali kuseri akung'amba nsungwi, napita kukawaitana.

Anatulukira pakona ya nyumba, mpeni uli m'manja. Anali atanenepa pang'ono, ndipo ankatsimphina mwendo wamanzere. Atandiona anaima. Mpeni unagwa. Sanabwere kudzandipatsa moni, anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Apongozi anga anatuluka m'nyumba yawo atamva kuti kwabwera mlendo, ndipo atandiyang'ana anakuwa.

"Mayo ine! Mzukwa!"

Anatapa phulusa pamoto nandiwaza kumapazi. Ine ndinangokhala pamphasa, chikho cha madzi chili m'manja. Kenaka anayandikira pang'onopang'ono, nandigwira pamkono, nafinya, nafinyanso. Atamva kutentha kwa thupi anakhala pansi nayamba kulira. Mayi wachitsikana uja anatiyang'ana tonse, nazindikira, nazemba kupita kuseri.

Panapita nthawi amuna anga asanakhale. Anakhala patali, pamwala, ngati mlendo ndi iwo.

"Ndinabwera," anatero.

"Liti?"

"Chilimwe chotsatira mutasamuka. Njinga ndinaisiya kuno, ndinadzera njira za m'phiri. Ndinkadziwa kuti anthu anatengedwa. Ndinkati ndikaone pakhomo, mwina mwandisiyira chizindikiro."

Ine ndinadikira. Kanali koyamba m'moyo wanga kudikira munthu kuti amalize mawu.

"Nkhokwe za anzanu zonse zinali chiimire. Ndinasuzumiramo imodzi imodzi, munali makoko, munali zitsononkho. Yanu yokha. Ndinakwawira m'kati. Ndinapapasa m'mipata monse, ndinkati ndikapeza njere imodzi ndiye kuti yangogwa ndi mphepo. Luzi linali lodula ndi chikwanje. Ndinapita kumanda, ndinapeza mitumbira imene sindinaisiye, yopanda mitanda. Sindinadziwe wanu ndi uti, ndinagwada pa yonse."

"Simukanafunsa?" ndinatero. Ndinkafuna kukalipa, koma mawu anatuluka aang'ono.

"Ndifunse ndani? Kuwaya akanandiwombera ndisanafike pachipata. Amalonda a pa Kalomwe ankangoti kumeneko anthu akufa ngati nkhuku za chitopa, mayina sankawadziwa. Inu mwambo mukuudziwa. Mukanakhala inu, mukanaganiza chiyani?"

Apongozi anawonjeza, akupukuta misozi, kuti mwana wawo anameta, anapereka dzina langa kutchalitchi kuti andipempherere, anakhala chaka chathunthu osayang'ana mkazi, ndipo ndi iwo amene anamukakamiza kukwatira poona kuti akuonda.

"Anagwetsa ndani?" anafunsa amuna anga. Mawu awo anali ataumako, ndipo ndinaona kuti akufuna munthu woti amude. "Asilikali?"

Ndikanatha kunena kuti inde. Palibe akanatsutsa.

"Ndine," ndinatero. "Ndinasesa kuti asadyemo. Ndinadula luzi kuti ndipite nayo, chifukwa munaluka ndinu. Msipayi anandikaniza."

Anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka. Sindinawaonepo akulira, ngakhale tsiku lopita ku Joni. Ndinafuna kudzuka kuti ndikawagwire, koma sindinadziwe ngati ndili ndi ufulu umenewo pabwalo la mkazi wina.

Apongozi ndiwo anayamba kukonza zinthu, monga amachitira akuluakulu. Anati palibe walakwa. Anati ukwati wa kutchalitchi ndi wanga, mkazi wamkulu ndine, andimangira nyumba pambali, munda ulipo, tidzazolowerana. Amuna anga anatukula mutu nati, "Khalani." Ndikunena zoona, mtima wanga unayamba kuvomera. Ndinali nditatopa, ndinalibe mayi, ndinalibe mudzi, ndipo munthu amene ndinamudikira zaka zonsezo anali apo, wamoyo, akundipempha. Ndinayamba kuyang'ana pabwalopo kuti nyumbayo ingakhale pati.

Ndili m'maganizo amenewo, ndinamva dzina langa likuitanidwa kuseri kwa nyumba. Osati la ubatizo, koma la kumudzi, limene chimwalirire amayi panalibe wondiitana nalo.

"Wawa!" ndinayankha ndisanaganize, ndipo ndinatembenuka.

Kamtsikana kongophunzira kumene kuyenda kanatulukira pakona, kali ndi chitsononkho m'manja, kakuseka, mayi wake akukathamangira pambuyo. Mayiyo atamva kuti ndayankha anaima, nagwira pakamwa.

"Pepani, amayi," anatero. "Ndimaitana mwanayu."

Palibe anayang'ana mnzake. Apongozi ndiwo anafotokoza, maso ali pansi. Mwanayo atabadwa analira sabata yathunthu, usana ndi usiku, osayamwa bwino. Akuluakulu anati akulirira dzina la malemu. Anayesa la agogo ake, sanatonthole. Atamutchula langa, anagona.

Kamwanako kanabwera kokha kudzagwira bondo langa. Ndinakanyamula. Kanali ndi mphumi ya bambo wake ndi makutu awo omwe, ndipo kanandipatsa chitsononkho chija kuti ndilume. Ndinakakonda nthawi yomweyo, ndipo chimenecho n'chimene chinandiswa mtima. Anthu awa sanandiiwale. Anandilira, anandiika m'manda, anandipatsa malo pakhomo pawo, ndipo malowo anali atakhalidwa kale ndi mwana amene ndinali nditamunyamula. Ndikanakhala, mayi wake akanamaitana mwana wake monong'ona moyo wake wonse, ndipo tsiku lina akanamusintha dzina chifukwa cha ine.

Ndinamubweza mwanayo kwa mayi wake. Ndinamasula nyemba zija n'kuzipereka kwa apongozi. Anandigwira nsalu, anati ndigone kaye, nkhani yotere siitha tsiku limodzi. Ndinati kwathu anthu akugawana minda, ndikachedwa ndikasowa polima. Amuna anga anandiperekeza mpaka pamtsinje, akutsimphina pambuyo panga, osanena kanthu, ndipo ulendo uno sindinawafunse ngati mawu awo ndi omwewo. Tinagwirana chanza ngati anthu a pamaliro.

Nditawoloka n'kuyamba kukwera chitunda, mphepo inabweretsa mawu kuchokera kumudzi kuja. Mwana uja anali atathawanso, ndipo mayi wake ankamuitana, mokweza tsopano, kawiri, katatu. Ndinaluma mlomo kuti ndisayankhe, ndipo ndinapitiriza kuyenda.